Aphunzitsi a timu ya hockey ya pakoleji ku America amagawana bwanji ntchito?

Ndodo_Yopindika

Akuluakulu, ndithandizeni. Matimu a atsikana a hockey ya pabwalo m'makoleji a ku America, monga North Carolina, Maryland ndi Northwestern, amakhala ndi mphunzitsi wamkulu, omuthandiza awiri kapena atatu, kenanso anthu ena apambali. Chonsecho m'bwalo mumalowa osewera 11 okha. Kodi anthu onsewa ntchito yawo yeniyeni ndi yotani? Nanga koleji yaing'ono yomwe ingakwanitse aphunzitsi awiri okha, ndi ntchito iti yomwe siyenera kusowa mwini?

KonaYaifupi

Achimwene, yambirani pa nthawi, chifukwa ndi yomwe imachulukitsa aphunzitsi. Malamulo a NCAA, bungwe loyendetsa masewero a m'makoleji a ku America, mu Division I (gawo lapamwamba kwambiri) salola timu kugwiritsa ntchito osewera kupitirira maola 20 pa sabata mkati mwa sizoni, kapena maola 4 pa tsiku, ndipo tsiku limodzi pa sabata liyenera kukhala lopuma. Masewero aliwonse amawerengedwa ngati maola 3. Matimu ambiri amasewera Lachisanu ndi Lamulungu, ndiye maola 6 apita kale. Mu 14 otsalawo mulowe zokonzekera za pabwalo, kunyamula zitsulo, kuonera vidiyo ndi misonkhano. Sizoni nayo ndi yaifupi, kuyambira kumapeto kwa Ogasiti mpaka Novembala.

Munthu mmodzi sangaphunzitse zonse m'maola amenewa, choncho bwalo limagawidwa. Wina ali mbali ino ndi otchinga kumbuyo, wina uko ndi omwetsa zigoli, wapagolo ali ndi wake. Mphunzitsi wamkulu amasankha kaseweredwe, makamaka poti timu iyambira pati kupanikiza adani akakhala ndi mpira, amasankha olowa m'bwalo, ndipo bajeti ndi yake. Palinso woona za kuvulala, wolimbitsa matupi ndi woyendetsa za maulendo, koma awa si aphunzitsi a mpira ndipo nthawi zambiri amathandizanso matimu ena a kolejiyo. Kale kunkakhalanso mphunzitsi wodzipereka wosalipidwa, koma mu Division I udindowu unathetsedwa mu Julayi 2023.

MayiWaPagolo

Funso lanu lachiwiri ndiliyankhe mosazungulira: penate kona (mpira womwe timu imapatsidwa pafupi ndi golo adani akalakwa potchinga) ndi wapagolo. Ziwirizi zikhale ndi mwini wodziwika ndi dzina, ngakhale aphunzitsi atakhala awiri okha.

Kona yomwetsera ili ndi anthu atatu omwe sayenera kulakwitsa. Woyamba amakankha mpira kuchokera pamzere wakumbuyo, mamita osachepera 10 kuchokera pamtengo wa golo. Wachiwiri amauimitsa kunja pang'ono kwa mzere wozungulira kutsogolo kwa golo, wa mamita 14.63, chifukwa mpira ukapanda kutuluka kaye, chigoli sichiwerengedwa. Wachitatu ndiye amaumenya kapena kuukoka ndi ndodo n'kuuponya osaumenya, zomwe zimatchedwa drag flick. Akaumenya, mpira woyambawo uyenera kudutsa mzere wa golo usanakwere kupitirira mamilimita 460, msinkhu wa thabwa la kumbuyo kwa golo. Drag flick ndi yomwe imaloledwa kupita m'mwamba.

Makona ambiri amafera pa woyamba ndi wachiwiri, osati pa womenya. Mpira ukabwera ukudumpha, kapena ukapatuka ndi phazi limodzi lokha, woimitsa amasuntha, womenya amasintha mapazi, ndipo wotchinga wafika kale. N'chifukwa chake mphunzitsi wa makona amaima ndi wotchi, kuwerenga nthawi kuyambira pokankha mpaka pomenya, ndipo atatuwa amabwereza mipira makumimakumi popanda wotchinga aliyense. Azichita zimenezi kapeti ya pabwalo (udzu wochita kupanga) itathiriridwa. Pa kapeti youma mpira umachedwa komanso umadumpha, ndiye osewera amazolowera liwiro lomwe sadzalipeza tsiku la masewero.

Kutchinga kona kumafunanso mwini. Kumbuyo kwa mzere kumaima anthu asanu okha, wapagolo ali momwemo, ena onse amapita kupyola mzere wapakati. Wothamanga woyamba amalunjika kwa womenya ndipo amatseka mbali imodzi ya golo kuti wapagolo asamale inayo. Awiriwa akapanda kugwirizana za mbali, wothamangayo amaphimba maso a mnzake ndipo mpira umaoneka utadutsa kale. Wina akanyamuka mpira usanakankhidwe, oyimbira amamutumiza pakati, kona n'kubwerezedwa otchinga atachepa ndi mmodzi. Cholakwa chimenechi chimachokera ku zokonzekera kumene palibe amene amaimba mluzu wina akafulumira.

Za wapagolo zimandikhudza kwambiri. M'matimu opanda mphunzitsi wake, mtsikanayo amangovala zida n'kuima pagolo kuti anzake azimuponyera mipira. Kumeneko si kuphunzira. Amafunika mphindi 20 kapena 30 zakezake: mapazi poyamba, kukankhira mpira kumbali osati pakati pomwe pali adani, nthawi yogona ndi yokhala chilili pa kona, ndi kulimbana ndi wosewera mmodzi pa shootout, mpikisano wopezera wopambana zigoli zikafanana.

Mlembi_wa_Timu

Mayi, za makona mwanena zoona, koma ine ndiika kusaka osewera patsogolo. Woponya drag flick wamphamvu sapangidwa m'miyezi itatu, amapezedwa akadali ku sekondale. Mu Division I mphunzitsi amaloledwa kuyamba kulankhula ndi mtsikana pa 15 Juni akamaliza chaka chachiwiri cha sekondale, ndipo tsikulo likamafika mndandanda uyenera kukhala utakonzedwa kale: watsala ndi zaka zingati wapagolo amene alipo, otchinga angati akumaliza maphunziro, ndani akhoza kulandiridwa ndi kolejiyo poona magiredi ake. Wothandizira mmodzi amasenza zimenezi chaka chonse, kuphatikizapo kuona mavidiyo a osewera a ku Netherlands, England, Germany ndi Argentina, omwe ndi ambiri m'matimu akuluakulu.

Ndalama nazo zimavuta. Kwa zaka zambiri malire anali masikolashipu 12 pa timu, ogawidwa zidutswazidutswa kwa atsikana oposa 20. Makoleji a Ivy League (gulu la makoleji akale otchuka monga Harvard) ndi onse a gawo lachitatu, Division III, sapereka sikolashipu ya masewero n'komwe. Cholakwa chofala ndi kutenga omwetsa zigoli ambiri chaka chimodzi. Pakatha zaka zinayi amachokera limodzi, timu n'kutsala ndi dzenje.

Onaninso kuti matimu opambana sasinthasintha aphunzitsi. Karen Shelton anaphunzitsa North Carolina kuyambira 1981 mpaka 2022 ndipo anatenga zikho 10 za dziko lonse. Missy Meharg anayamba ku Maryland mu 1988. Shelton atapuma, udindo unapita kwa wosewera wake, Erin Matson, ali ndi zaka 22, ndipo anatenga chikho mu 2023, chaka chake choyamba. Luso lake palibe angalikane, komabe anapeza osewera osankhidwa kale bwino ndi dongosolo lomwe ankalidziwa ngati kaputeni.

Ndodo_Yopindika

Zikomo nonse. Nanga tsiku la masewero, pabenchi amagawana bwanji?

KonaYaifupi

Masewero ndi zigawo zinayi za mphindi 15, ndipo kusintha osewera kulibe malire, kupatula pa nthawi ya penate kona pomwe sikuloledwa. Ndiye wothandizira mmodzi agwire pepala la kasinthidwe ndi wotchi, asachitenso china kupatula kuwerenga makadi. Apakati ndi akutsogolo amatuluka pakangopita mphindi zochepa chifukwa ndiwo amathamanga kwambiri. Chomwe chimaonongeka apa n'chakuti kona imapezeka woimitsa mpira ali pabenchi, ndipo simungamulowetse. Pepalalo lilembedwe moti pa nthawi iliyonse m'bwalo muli wokankha, woimitsa ndi womenya. Yemweyo awerengenso makadi: lobiriwira ndi mphindi 2 kunja, lachikasu zosachepera 5, ndipo adziwiretu amene abwerere m'mbuyo kukatseka mpatawo.

Wachiwiri amayang'ana makona a adani, kuyerekeza ndi zomwe anaona pa vidiyo, n'kuuza otchinga pa nthawi yopuma. Wamkulu asiyidwe aziona masewero onse.

Zigoli zikafanana, ku koleji amasewera nthawi yowonjezera ya mphindi 10, mbali iliyonse osewera 7, ndipo wogoletsa woyamba wapambana. Zigawo ziwiri zikatha popanda chigoli kumabwera shootout, pomwe wosewera amanyamuka pamzere wa mamita 23 ali ndi masekondi 8. Mayina a asanu ndi awiriwo, komanso a asanu a shootout ndi ndondomeko yawo, alembedwe dzulo lake. Aphunzitsi akakhala awiri okha, wothandizira atenge pepala la kasinthidwe ndi wapagolo, makona onse awiri, yomwetsera ndi yotchinga, akhale a wamkulu.