Funso kwa oyendetsa ndege: ndani amayang'anira mafuta podikira kutera?

Akuluakulu oyendetsa ndege ndi aphunzitsi, ndithandizeni nzeru. Ndege ikamazungulira kudikira kutera, kavuto kamodzi kamatenga maganizo a onse. Pa 28 Disembala 1978, ndege ya United 173 inazungulira pafupifupi ola ku Portland, ku America, kaputeni ali kalikiliki ndi vuto la matayala. Anzake anatchulapo za mafuta, koma mosalimba mawu. Mafuta anatha, anthu 10 anamwalira. Avianca 52 nayo, mu 1990, inadikira mphindi 77 popita ku New York, mawu olengeza ngozi akuti "mayday" osatuluka.

Ndiye inu mumagawana bwanji ntchito? Wogwira chiwongolero amasiyiratu checklist (mndandanda wa zoyenera kuchita) kwa mnzake? Mafuta mumawawerenga pakapita mphindi zingati? Chondivuta kwambiri n'ichi: wothandizira anene mawu ati kuti kaputeni amvedi, mafuta asanatsike kufika pa mphindi 30 zomaliza?