Filimu ya Kodak HIE yanditsalira mipukutu 7: ndimalize bwanji ntchito ya minda ya tiyi?

Wojambula wa ku Limbe:
Akuluakulu anzanga pantchito, ndabwera ndi vuto limene landisowetsa tulo. Kuyambira mu 2006 ndakhala ndikujambula minda ya tiyi ya ku Thyolo ndi ku Mulanje pa filimu ya Kodak HIE, imene imagwira kuwala kwa infrared komwe maso athu saona, moti masamba a tiyi amatuluka oyera mbee ngati ufa, pamene thambo limada bii ndipo mitambo imaoneka ngati thonje. Kodak italengeza mu 2007 kuti yasiya kupanga filimuyi, ndinagula yomwe ndinakwanitsa ndi kuisunga mufiriza. Tsopano eni nyumba ina yoonetseramo zithunzi andipempha zithunzi 30, koma zokhutiritsa ndili nazo 18 zokha, ndipo mipukutu yatsala 7, yomwenso yadutsa m'nyengo zambiri za kuthima kwa magetsi. Ndikupempha nzeru pa zinthu ziwiri: ndimalize bwanji ntchitoyi popanda zithunzi zatsopano kuoneka zachilendo pakati pa zakale, nanga kodi kulemba kalata ya tonse yopempha Kodak kuti ibwezeretse filimuyi kungaphule kanthu?

Wojambula wa ku Johannesburg:
Achimwene, musanapite kumunda perekani mpukutu umodzi kuti uyesedwe, ngakhale mtima ukuwawa. Filimu ya infrared imakalamba msanga kuposa inzake, ndipo kusungunuka ndi kuumanso kumene mwanenako kumabweretsa chifunga pa negativi. Uikeni m'kamera muli mumdima wathunthu, chifukwa HIE imakoka kuwala kudzera pakamchira kake kotulukira kunja kaja n'kukulowetsa m'kati mwa mpukutu. Jambulani malo amodzi dzuwa lili phwee, ndi fyuluta yofiira ya nambala 25, kuyambira pa ISO 50 (ISO ndi muyeso wa liwiro la filimu pogwira kuwala) ndi kusinthasintha masitopu awiri mbali zonse (sitopu imodzi ndi kuwirikiza kawiri kapena kudula pakati kuwala kolowa), ndipo mafelemu atatu omaliza muwasiye osajambulapo, chivundikiro cha lenzi chili chotseka. Mukatsuka, mafelemu opanda kanthuwo ndiwo adzakuuzeni kuchuluka kwa chifungacho. Ine filimu yakale ndimaitsuka ndi mankhwala otchedwa HC-110, popeza siwonjezera chifunga kwambiri, ndipo kadontho ka benzotriazole, mankhwala ochepetsa chifunga, kamathandiza, ngakhale kamachepetsa liwiro la filimu. Mupewenso makamera ambiri a Canon EOS, amene amawerenga timabowo ta filimu ndi kanyale ka infrared, poti kamadetsa m'mphepete mwa negativi.

Wojambula wa ku Leeds:
Bambo, pa za kalatayo ndilankhule monga munthu amene analembako. Mu 2007 ojambula ambiri a m'maiko osiyanasiyana tinadandaula ku Kodak, koma sizinatheke. Kampaniyo inanena kuti ogula anali atachepa kwambiri, njira yopangira filimuyo inali yakale ndiponso yovuta, motero kupitiriza kunalibe phindu. Aerochrome, ya mitundu ija imene imasandutsa masamba obiriwira kukhala ofiirira, inatsatira mu 2009, ngakhale kuti pambuyo pake Richard Mosse anaitchukitsa ndi zithunzi zake za kum'mawa kwa Congo, mpaka kukaonetsa ntchito yake ku Venice mu 2013. Efke IR820, filimu ina ya infrared imene ambiri tinathawirako, inatha pamene fakitale ya Fotokemika ku Croatia inatseka mu 2012.

Komabe sindikunena kuti tigwe ulesi. Ilford SFX 200 inasowa kampaniyo italowa m'mavuto a zachuma mu 2004, ndipo inabwerera mu 2007. Kodak yomweyo inalengeza mu 2017 kuti ikubwezeretsa filimu ya mitundu ya Ektachrome, ndipo mu 2018 inafikadi pamsika, chaka chomwe T-Max P3200 nayo inabwerera. Zonsezi zinabwerera chifukwa opanga anaona kuti ogula alipo. Cholakwa chathu mu 2007, m'kuona kwanga, chinali chakuti tinalemba za chikondi chathu pa filimuyo, koma sitinalembe kuti aliyense adzagula mipukutu ingati pachaka ndiponso pamtengo wotani. Makina opaka mankhwala pa filimu ku fakitale ya Kodak ku Rochester ndi aakulu zedi, ndipo sawayatsa chifukwa cha mipukutu yochepa, makamaka ya filimu imene sikhalitsa m'sitolo.

Wojambula wa ku Lusaka:
Ndikugwirizana ndi bambo a ku Leeds, koma chionetsero chanu sichingadikire yankho la kalata. Yomwe ikupezeka lero ndi Rollei Infrared 400 ndi Ilford SFX 200, ndipo zonse ziwiri sizifika pamene HIE inkafika. HIE inkaona mpaka pafupifupi mananomita 900 (muyeso wa kutalika kwa mafunde a kuwala), pamene SFX imathera cha m'ma 740, ndipo Rollei imapitirira pang'ono. Pa masamba a tiyi ndingasankhe Rollei ndi fyuluta ya Hoya R72, imene imatsekereza kuwala kwa pansi pa mananomita 720. Fyulutayi ndi yakuda moti simungaone kanthu m'kamera, choncho muimike kamerayo pa tripod, mukonze chithunzi ndi fokasi fyuluta isanaikidwe, musunthire fokasi pakadontho kofiira ka palenzi, kenako muyese kuwala pakati pa ISO 6 ndi 12. Muyembekezere mphepo kuti idekhe, poti nthawi yotsegulira imatalika.

Chimene chidzakusautseni ndi kunyezimira kuja kozungulira zinthu zoyera. HIE inalibe chotchinga chakumbuyo choletsa kuwala kubwerera, ndiye kuwala kunkadutsa, n'kuwomba pachitsulo chotsendera filimu, n'kubwereranso, ndipo ndiko kunkapatsa masamba maonekedwe a nthunzi. Rollei imatulutsa chithunzi chakuthwa cha timchenga tating'ono. Ena amafewetsa posindikiza pogwiritsa ntchito kansalu ka nayiloni pansi pa lenzi ya enlarger, makina okulitsira chithunzi, koma zimenezi zimamwaza mbali zakuda kulowa m'zoyera, zomwe ndi zosemphana ndi za HIE. Ndi bwino kuika fyuluta yofewetsa pakamera pojambula pomwepo, kuti choyera ndicho chisefukire.

Wojambula wa ku Johannesburg:
Ndionjezere za kayendedwe ka filimu. Mukaitanitsa Rollei kudzera mwa wachibale wobwera pandege, mumuuze kuti apemphe oyang'anira kuti aione ndi manja, chifukwa makina atsopano a CT a m'mabwalo a ndege amaononga filimu ikangodutsamo kamodzi. HIE yanuyo isakwere ndege ayi, popeza woyang'anira akatsegula kabotolo kake poyera, mpukutu waonongeka.

Wojambula wa ku Limbe:
Zikomo kwambiri nonse, makamaka inu achemwali a ku Johannesburg, chifukwa ndinachita monga munanenera. Loweruka ndinajambula mtengo wa mango wa kuseri kwa nyumba dzuwa lili pamutu, ndipo nditaunika negativi pawindo ndinapeza mafelemu opanda kanthu aja ali otuwa ngati utsi, koma masamba anatuluka ndi kunyezimira kwawo konse, ndipo felemu yabwino inali imene ndinaonjezera sitopu imodzi. Chifungacho ndingachigonjetse posindikiza ndi kontrasiti yokwererapo.

Ndaganiza motere. Mipukutu 6 yotsalayo ndiisungira zithunzi zimene kunyezimira ndiye mwini nkhani, monga amayi othyola tiyi ali ndi madengu kumsana ndi mitengo ya mthunzi ya pakati pa minda. Zithunzi za patali, za phiri la Mulanje ndi mizere ya tiyi, ndidzazijambula pa Rollei, ndipo m'chionetsero ndidzalemba poyera filimu ya chithunzi chilichonse, poti sindifuna kunamiza oona. Pa za kalata, bambo a ku Leeds, ndikupempha kuti muitsogolere ndinu, popeza munaona pamene yoyamba inaterereka. Aliyense wosaina alembe dziko limene ali, mipukutu imene angagule pachaka, ndi mtengo umene angalole kulipira. Ine ndilembeni mipukutu 20 pachaka.

Wojambula wa ku Leeds:
Ndavomera, bambo. Ndilemba kalata ziwiri, ina yopita ku Kodak yopempha HIE, ina yopita ku Harman Technology ku Mobberley, amene amapanga filimu za Ilford, yofunsa ngati angapange SFX yopanda chotchinga chakumbuyo, monga Efke inachitira ndi IR820 Aura. Ndikutumizirani zonse ziwiri Lachisanu kuti muzikonze tisanayambe kusonkhanitsa maina.