RIS ya 28 GHz yangokweza 4 dB basi, talakwitsa pati?

Wofunsa: Akuluakulu, tithandizeni nzeru. Tikuyesa RIS (panelo yobweza signal ya netiweki n'kuiloza komwe tikufuna) ya 28 GHz, ma element 32 x 32, ya 1-bit (element iliyonse ili ndi ma phase awiri okha), yoyendera ma PIN diode (timaswichi tosintha phase). gNB (siteshoni ya 5G) ili kuseri kwa nyumba, foni siikuiona. Njira yonse yokhota ndi mamita 100, ndipo panelo taikhoma pakati penipeni. RSRP (mphamvu ya signal yofika pa foni) yakwera ndi 4 dB basi, rank (chiwerengero cha ma layer a data oyenda nthawi imodzi) yakakamira pa 1.

Wa RF (mafunde a wailesi): Pakatipo ndiye pakudyerani mphamvu, achimwene. RIS ilibe amplifier, imangobweza zomwe yalandira, ndiye mitunda iwiriyo, wa gNB kufika pa panelo ndi wa panelo kufika pa foni, siiphatikizidwa ayi, imachulukitsidwa. 50 kuchulukitsa 50 ndi 2,500, pomwe 90 kuchulukitsa 10 ndi 900. Pa 20log (masamu osinthira ku dB), kusiyana kwake ndi pafupifupi 9 dB. Isendezeni kufupi ndi foni kapena kufupi ndi gNB.

Wa ma antenna: Zoona, koma musaigunditse. Wavelength apa ndi mamilimita 10.7, ma element atalikirana theka lake, ndiye panelo ndi masentimita 17 mbali iliyonse. Far field (mtunda pomwe funde limafika lathyathyathya) ikuyambira cha pa mamita 11. Mukayandikira kuposa pamenepo, codebook (mndandanda wa ma phase okonzeratu) yongokhotetsa beam siikwanira, pafunika yoloza pamalo amodzi. Komanso signal ikugwera bwanji? Ikapendekeka madigiri 60, theka la nkhope ya panelo lapita, 3 dB imeneyo.

Wofunsa: Ikugwera cha pa 55. Tinangotsata khoma momwe lakhalira.

Wa ma antenna: Ikani bulaketi yotembenuka, nkhope iyang'ane pakati pa gNB ndi foni.

Wa RF: Za 1-bit musazidandaule kwambiri. Phase ya 0 ndi 180 imataya pafupifupi 3.9 dB, ya 2-bit 0.9 yokha, koma ma diode owonjezerawo nawonso amadya yawo. Malo kaye.

Wa drive test (woyeza netiweki poyenda): Nanga rank bwanji mwaisiya? Panelo yanu ndi ya polarization (mbali yomwe funde limagwedezekera) imodzi kapena ziwiri?

Wofunsa: Imodzi, vertical.

Wa drive test: Basi ndi pamenepo. Layer yachiwiri imadalira polarization inayo, ndipo panelo yanu siikuiwongolera. Musendeze musendeze, RSRP idzakoma koma rank 2 simudzaiona pa njira imeneyo. Poyeza mawa, foni ikhale pa tripod, osaigwira m'manja, chikhatho chimatchinga 28 GHz. Muchitenso lock SSB beam ya gNB (beam yomwe foni imayezerapo RSRP) yoloza panelo kuti isasinthe musanayambe sweep (kuyesa ma beam a panelo imodziimodzi), apo ayi muziyeza zinthu ziwiri zikusuntha nthawi imodzi.

Wofunsa: Zamveka. Mawa tiikhoma pa mamita 88 ndi 12, bulaketi yatsopano, log ya RSRP ndi SINR (signal poyerekeza ndi phokoso) ndiponya pompano.