Malamulo a zokopa alendo kunyanja kuno amakanika pati?

WakuMakawa:
Akuluakulu, ndithandizeni. Papepala zonse zilipo: alendo asaononge nyanja, anthu a m'midzi apindule, aulumali nawonso afike pagombe. Koma kuchokera pa Boma la Mangochi mpaka ku Cape Maclear mabotolo ali mbwee, ndipo mipanda ya malo ogona alendo ikutseka njira za kudoko. Chikuvuta n'chiyani, ndalama kapena malamulo?

Mbuna84:
Achimwene, malamulo alipo okwanira, koma eni ake achuluka. Paki ya Lake Malawi idakhazikitsidwa mu 1980, a bungwe la UNESCO n'kuiika m'kaundula wawo wa malo ofunika pa dziko lonse mu 1984. Malire ake amalowa m'madzi mamita 100, ndipo m'menemo kupha nsomba n'koletsedwa poti mbuna, tinsomba totetezedwa, zimakhala m'miyala ya m'mbali. Apo olamula ndi a zamapaki. Kupitirira apo ndi a zansomba ndi makomiti a m'midzi oyang'anira usodzi pa madoko (ma BVC). Boti lonyamula alendo amaliyendera ndi a zamaulendo a pamadzi (Marine), laisensi ya loji imachokera kwa a zokopa alendo, zinyalala ndi za khonsolo. Zikaonongeka aliyense amaloza mnzake.

Chachikulu komabe n'chakuti wotaya mwayi ndi wolandira phindu ndi anthu awiri osiyana. Midzi ngati Chembe, Msaka ndi Mvunguti yazunguliridwa ndi paki. Gawo la 25 peresenti la ndalama za paki limapita ku midzi, koma limafika ngati chitukuko cha onse, mwinanso mochedwa. Amene wataya ndi msodzi wa bwato limodzi yemwe waletsedwa pamalo poyandikira, komanso mayi amene nkhuni ayenera kutola potsata chilolezo. Mjigo sulowa m'malo mwa ndiwo za lero, n'chifukwa chake usiku ukonde umabwerera pomwe paja.

Mmisiri_wa_mipope:
Ine ndinena za zimbudzi, poti mabotolo amaoneka koma izi ayi. Dothi la m'mbali mwa nyanja ndi mchenga, madzi ali pafupi. Thanki ya zonyansa iyenera kukhala ya zipinda ziwiri, yopakidwa simenti mkati kuti isadonthe, ndipo dzenje lomwetsera madzi otuluka m'thankimo likhale mamita 30 kapena kuposa kuchokera pachitsime kapena panyanja, kumtunda kwa puloti. Ambiri amakumba kumunsi chifukwa paipi imatsetsereka yokha, safuna kugula pampu. Nyanja itakwera mu 2024 malo ambiri a m'mbali adalowa madzi, ndipo dzenje likamira zonse za m'menemo zimasakanikirana ndi madzi omwe anthu akusamba ndi kutunga.

Madzi a kukhitchini azidutsa kaye m'kabokosi kogwira mafuta, apo ayi dzenje limatsekeka msanga. Thanki ipopedwe matope akafika gawo limodzi mwa magawo atatu a kuya kwake. Apa mpomwe pali msampha: galimoto yopopa imachokera kutali, mtengo umakwera ndi mtunda, ndiye mwini kaloji ka zipinda zisanu amangoitana anyamata a ndowa. Lamulo la zachilengedwe la 2017 lilipo, koma woyendera amaona pulani asanamange, atamanga sabweranso kudzatsegula chivundikiro. Malo ang'onoang'ono oyandikana atagwirizana tsiku limodzi lopopa, mtengo wa ulendo angagawane.

Anganga_a_kudoko:
Ana anga, mwaiwala za misonkhano yofunsa maganizo a anthu a m'mudzi. Kalata ibwera m'Chingerezi pomwe ambiri kuno chilankhulo chawo ndi Chiyao ndi Chichewa. Msonkhano auika m'mawa, asodzi a ukonde wa chilimira angofika kumene kuchokera kunyanja, amayi ali kalikiliki kuyanika usipa. Kapena auika Lachisanu masana anthu ali ku mzikiti. Pamapeto alemba kuti mudzi wavomera. Uikeni madzulo, pansi pa mtengo, amayi akhale ndi nthawi yawoyawo yolankhula.

Za mipanda, njira ya kudoko ilembedwe ndi kujambulidwa pa mapu a puloti malo asanaperekedwe, m'lifupi mwake mokwana ngolo kapena anthu onyamula ukonde, mfumu ndi BVC asaine. Lonjezo la pakamwa limatha malo akagulitsidwa kwa wina.

Mbuna84:
Zoona agogo. Za aulumali ndiwonjezere: chikwerero cha njinga ya olumala chikwere sentimita imodzi pa masentimita 12 alionse a kutalika, chitseko chikhale masentimita 90, ndipo pamchenga payalidwe matabwa mpaka pamadzi. Pomanga sizidula, chodula n'kugumula pambuyo. Nanga achimwene, mpanda mukunenawo uli pa malo a mfumu kapena a lizi? Kokadandaula kumasiyana.

WakuMakawa:
Ndi a lizi. Ndiyambe kwa DC kapena ku ofesi ya zamalo?