Ndikusaka filimu ya amayi a ku Liberia omwe anathandiza kuthetsa nkhondo

Moni nonse a m'gulu muno. Ndikufuna thandizo lanu kuti ndipeze filimu ya zochitika zenizeni ya mu 2008 yotchedwa Pray the Devil Back to Hell.

Imakamba za amayi a ku Liberia, achikhristu ndi achisilamu, omwe mu 2003 ankavala zoyera n'kumakhala padzuwa pafupi ndi msika wa nsomba ku Monrovia, kufuna kuti nkhondo ya m'nthawi ya pulezidenti Charles Taylor ithe. Ankawatsogolera ndi Leymah Gbowee, amene mu 2011 analandira mphoto ya mtendere ya Nobel. Gawo limene ndikulifunitsitsa ndi la ku Accra m'dziko la Ghana, pomwe amayiwa anakhala pansi n'kutchinga makomo a holo ya zokambirana za mtendere kuti nthumwi zisatuluke mpaka zitamvana.

Ndikufuna kuionetsa kwa amayi a kumpingo kwathu limodzi ndi anzathu a kumzikiti, kuno ku Mangochi. Pa YouTube ndangopezapo tizidutswa. Anyamata oika mafilimu m'mafoni kumsika akuti saidziwa, mmalo mwake akungondikakamiza za ku Nigeria. Kuitanitsa DVD kunja, mtengo wotumizira wokhawo wandigonjetsa, ndipo laputopu yangayi ilibe poika DVD n'komwe.

Kodi alipo amene ali nayo yonse, kapena akudziwa laibulale kaya bungwe lomwe lingandibwereke? Ikhale ya mawu olembedwa m'munsi, chifukwa Chingerezi cha ku Liberia n'chovuta kumva ndipo ndizikhala ndikumasulira m'Chichewa ndi m'Chiyao. Nanga chilolezo choonetsera pagulu chimapemphedwa kwa ndani?