Ndithandizeni: mwana wanga wazaka 4 wamwa Piriton masabata atatu, tsopano akumagona m'kalasi

Amake Tiyamike, Chinamwali

Moni nonse a m'gulu lino. Pepani ndilemba motalika, nkhawa yandikulira ndipo sindikufuna kusiyako kalikonse.

Ndili ndi mwana wamkazi wazaka 4, pa sikelo yomaliza anakwana makilogalamu 15. Chiyambire Okutobala uno, dzuwa likamalowa amatuluka zotupa pathupi, zofiira m'mbali, pakati potuwa, ngati udzudzu wamuunjikira malo amodzi. Zimayambira pamimba ndi m'ntchafu, tsiku lina kumsana. Amadzikanda mpaka kulira. Chondizunguza mutu n'chakuti kukacha zimakhala zitazimirira osasiya ndi chipsera chomwe, madzulo n'kutulukiranso pena. Thupi silitentha, akudya, akusewera. Zisanayambe izi anadwala chimfine ndi chifuwa, ndipo chifuwacho sichinatheretu.

Apongozi anga atamuona anati ndi ziwengo, ndimuletse mazira, usipa, matemba ndi chiponde. Ndinamvera, moti mwana akungodyera masamba ndi nyemba, koma zotupazo sizinasiye. Mnzanga wa kumsika ndiye anandiuza za Piriton. Ndinagula pa golosale ina kwathu kuno, timapiritsi tachikasu tija amakukulungira m'kapepala, opanda bokosi. Ndimamupatsa theka madzulo, kuyabwa kukakula ndimawonjezera theka lina m'mawa. Ndikumumwetsanso mankhwala amadzi a chifuwa.

Kunena zoona, akamwa kuyabwa kumaleka ndipo tonse timagona. Koma dzulo aphunzitsi ake a kusukulu ya mkaka anandiitana. Akuti masiku ano mwana amangosinza, anzake akamaimba iye mutu uli pa tebulo, ndipo Lachitatu anagwa pa sitepe popita kunja. Mtima wanga unagunda. Ndiye ndikufunsa inu amene mukudziwa: kodi ndikumupweteka mwanayu? Ndikasiya, usiku tipirira bwanji? Alipo mankhwala ena osagonetsa? Nanga zakudya zija ndipitirize kumuletsa?

Amake Chifundo

Pepani asisi. Ndikutsatira, wanga nayenso amachita zomwezo nyengo yotentha ino.

Nabanda wa ku Chikanda

Mami, mwayang'ana pakati pa zala ndi m'mikono? Ife tinamwa Piriton nyumba yonse mwezi wathunthu, osadziwa kuti ndi mphere. Mpaka tinalandira mankhwala odzola a benzyl benzoate, tonse kudzola tsiku limodzi, zofunda kuchapa ndi madzi otentha n'kuyanika padzuwa, m'pamene zinatha. Mphere nayo imayabwa kwambiri usiku.

Amake Tiyamike

Ndayang'ana amayi, pakati pa zala palibe kanthu. Ndimagona naye mphasa imodzi koma ine sindikuyabwidwa, mkulu wakenso ali bwinobwino.

Mnyamata wa kabaza

Mwina akumasewera kutchire kumene kuli chitedze. Ana a kuno amapita m'mbali mwa phiri kukatola nkhuni.

Namwino wa ana

Amake Tiyamike, mwachita bwino kufunsa, ndipo musadziimbe mlandu, mumafuna kuti mwana apume. Ine ndine namwino, ndakhala nthawi yaitali kuwodi ya ana. Mwanayo sindinamuone ndi maso, choncho zimene ndinene zisalowe m'malo mopita naye kuchipatala.

Zotupa zimene zimatuluka, kuzimirira tsiku lisanathe, n'kukatulukira pena, ife timazitcha urticaria. Mphere sichita choncho, imakhala pomwepo ndipo imafalikira kwa ena m'nyumba. Chitedze nacho ayi, chimayabwa nthawi yomweyo pamene ubweya wake wakhudza, osati madzulo aliwonse kwa masabata atatu. Chimene chimachitika n'chakuti timaselo tina ta pakhungu timatulutsa histamine, ndiye timitsempha ta magazi timafutukuka n'kuchucha madzi pansi pa khungu, pamalopo n'kutupa ndi kuyabwa. Kwa ana aang'ono izi zimabwera kawirikawiri pambuyo pa chimfine, monga mwanenera inu. Anthu amathamangira kunena chakudya, koma chakudya chikakhala ndicho chayambitsa, zotupa zimatuluka posachedwa mwana akangodya, nthawi zambiri maola awiri asanathe, ndipo zimabwereza akadyanso chomwecho. Wanuyo mwamuletsa mazira ndi usipa koma sizinasinthe. Ine zimenezo zikundiuza kuti mukumumana chakudya chomanga thupi popanda phindu.

Tsopano za Piriton. Dzina lake lenileni ndi chlorphenamine. Amatchinga histamine kuti isagwire ntchito, koma sachotsa chimene chayambitsa, n'chifukwa chake mphamvu yake ikatha zotupa zimabwerera. Ndi mankhwala akalekale, amafika mpaka ku ubongo, ndiye kusinza kuja ndi kudzandira. Ana ena m'malo mogona amabalalika, kulira, kukana kugona usiku wonse.

Piritsi limodzi ndi 4 mg. Theka limene mukumupatsalo ndi 2 mg, umene ndi mlingo wa mwana wazaka 6 mpaka 12. Wazaka 2 mpaka 5 amayenera 1 mg pa nthawi imodzi, osapitirira 6 mg pa tsiku. Ndiye mapiritsi okhawo pa tsiku lonse simunapyole malire, koma nthawi iliyonse mukumupatsa kawiri kuposa mlingo wake. Kapiritsi kameneka kukadula panayi n'kovuta, kamangonyenyeka, n'chifukwa chake ana timawapatsa amadzi, amene mu 5 ml muli 2 mg, wa msinkhu uwu n'kumwa 2.5 ml.

Chimene chikundidetsa nkhawa kwambiri ndi botolo la chifuwa lija. Tatengani muwerenge kumbali kumene alemba zosakaniza, mundiuze.

Amake Tiyamike

Anesi, ndawerenga. Pali mawu ambiri koma limodzi alemba chlorpheniramine. Ndi limene mumanenalo?

Namwino wa ana

Ndi lomwelo, kalembedwe kokha n'kosiyana. Ndiye kuti mwana wakhala akumwa Piriton kuchokera mbali ziwiri, m'piritsi ndi m'botolo. Lekani botololo lero lomwe. Mankhwala ambiri a chifuwa ndi chimfine amakhala ndi chlorphenamine kapena diphenhydramine, ndipo kwa mwana wosakwana zaka 6 sitilimbikitsa kumwetsa popanda kulemberedwa kuchipatala. Chifuwa cha chimfine chimachepa ndi madzi ofunda ndi uchi pang'ono, bola mwana akhale atakwanitsa chaka chimodzi. Usiku uno musamupatse thekalo. Musambitseni madzi ozizirira, mumuveke chovala chopepuka cha thonje, mumuwenge zikhadabo, ngati muli ndi calamine mumudzoze. Mawa m'mawa kuchipatala, mutenge buku lake, botolo ndi mapiritsi otsalawo. Zotupa zikatuluka madzulo ano mujambule pa foni, chifukwa mukamafika kwa adokotala zidzakhala zitazimirira.

Achimwene a ku Mpondabwino

Koma anesi mukuopseza anthu. Tonsefe tinakula ndi Piriton. Ine ana anga ndikamapita nawo ku Lilongwe pa basi ndimawapatsa kuti agone asavutitse anthu, palibe chinachitika.

Amake Madalitso

Achimwene, chonde lekani zimenezo. Mankhwala si bulangete lofunditsa mwana. Mwana wogonetsedwa ndi piritsi m'basi yotentha samwa madzi, sadandaula, akadwala mudziwa bwanji? Kuti sichinachitike kanthu ndi mwayi chabe.

Wogwira ntchito mu famase, m'tauni

Ndiwonjezere pa zimene anena anesi. Alipo mankhwala atsopano amene safika kwambiri ku ubongo, monga cetirizine ndi loratadine. Ndi amene madokotala amakonda kulembera ana masiku ano, makamaka opita kusukulu. Cetirizine wamadzi amakhala ndi 1 mg mu 1 ml iliyonse, ndipo mwana wazaka 2 mpaka 5 amamwa 2.5 mg kawiri pa tsiku. Loratadine amamwa kamodzi pa tsiku, 5 mg kwa mwana wazaka 2 kupita m'tsogolo amene sanapitirire makilogalamu 30. Cetirizine ana ena amasinza nayebe pang'ono, musadabwe. Koma musasankhe nokha chifukwa choti mwawerenga pano, akakuuzeni amene amuone mwanayo.

Chimene ndimaona tsiku ndi tsiku pa kauntala ndi nkhani ya sipuni. Mayi akauzidwa 2.5 ml amakatenga sipuni ya tiyi kunyumba, pomwe masipuni athu ndi osiyana kukula, ina imanyamula pafupifupi kawiri inzake. Pemphani sirinji yopanda singano kapena kakapu kolembedwa manambala.

China, pali Phenergan, dzina lake promethazine, amene agogo ambiri amamudziwa. Ameneyo kwa mwana wosakwana zaka 2 n'ngoletsedwa, amatha kufooketsa kapumidwe. Piriton naye osapatsa khanda losakwana chaka popanda dokotala. Ndipo mapiritsi a m'kapepala a pa golosale simudziwa tsiku lake lothera mphamvu, simudziwanso kuti akhala padzuwa miyezi ingati. Malo ogulitsa mankhwala amayenera kukhala ndi chilolezo cha bungwe loyang'anira za mankhwala la PMRA.

Agogo a ku Sadzi

Mwanangu, ine ndalera ana asanu ndi awiri. Kale tinkati mwana wa ziwengo asadye nsomba zopanda mamba ndi mazira, apongozi akowo sakulakwa mwadala, ndi mmene tinaphunzirira. Koma mdzukulu wanga anaonda chifukwa cha kumuletsaletsa, kusikelo anatidzudzula. Uwalankhule mwaulemu, uwauze kuti ndi achipatala anena. Uyang'anenso mphasa ndi m'ming'alu ya khoma, nsikidzi zimachuluka kukatentha.

Abambo a Yamikani

Ndilembe zanga mwina zipulumutsa wina. Mwana wanga wamwamuna ali ndi zaka 7 analumidwa ndi njuchi tikuchokera kumunda cha ku Domasi. Poyamba zinali zotupa ngati zimene akunena mayiwa, thupi lonse. Mayi ake anathamangira Piriton, tinati tidikire agwire ntchito. Pasanathe nthawi milomo inatupa, zikope kutupa, mawu kusasa, popuma kumveka kulira m'chifuwa, kenako anayamba kulefuka. Mnansi wathu ndi amene anatikalipira kuti mukudikira chiyani, n'kutitenga pa galimoto yake mpaka ku Zomba Central Hospital. Kumeneko anamubaya jakisoni wa adrenaline pantchafu, anamuika pa mpweya, tinagona komweko. Adokotala anatiuza mosabisa kuti zikafika pamenepo piritsi silithandiza, limachedwa ndipo silitsegula njira ya mpweya. Mpaka lero ndikakumbukira ulendo umenewo manja amanjenjemera.

Choncho mayi, usiku uno muzimuyang'ana nkhope. Milomo, lilime kapena maso zikatupa, akamavutika kupuma kapena kumeza, akasanza n'kufooka, musadikire kuti kuche. Dzutsani aliyense amene ali ndi galimoto kapena njinga yamoto.

Namwino wa ana

Abambo a Yamikani anena zoona zokhazokha. Ndiwonjezere kuti thupi likatentha, kapena zotupa zikakhala malo amodzi kupitirira tsiku, zikamapweteka kapena kusiya mabala akuda ngati wamenyedwa, imeneyo ndi nkhani ina, osachedwa nayo.

Amake Chifundo

Anesi, wanga sachita zotupa zokha, amayetsemulanso m'mawa uliwonse, maso kuyabwa, makamaka tikasesa pabwalo kapena anthu akamatentha tchire. Ndi zomwezo?

Namwino wa ana

Histamine yemweyo, koma m'mphuno ndi m'maso. Fumbi, utsi ndi mungu wa maluwa zimachita zimenezo, mankhwala omwewa amathandiza. Muziwaza madzi musanasese, mwana akhale patali. Koma akamatsokomola usiku kapena kubanika akathamanga, akamuyeze mphumu, chifukwa mphumu sichizidwa ndi Piriton kapena cetirizine.

Amake Tiyamike

Ndabwerera kudzakuuzani mmene zayendera, papita masiku anayi. Usiku uja sindinagone, ndinkangomuunika nkhope ndi tochi ya foni. Anadzikanda ndithu, koma nditamusambitsa n'kumupepesa kumsana ndi nsalu yonyowa anagona. M'mawa ndinapita naye kuchipatala chathu chaching'ono. Zithunzi zija zinathandiza kwambiri, chifukwa pathupi panalibe kanthu. Adokotala anamumvetsera m'chifuwa, anamuyang'ana kukhosi ndi pakati pa zala, anati ndi zotupa za pambuyo pa chimfine monga ananenera anesi. Anandilembera cetirizine wamadzi, 2.5 ml m'mawa ndi madzulo, ndinakagula ku famase m'tauni ndipo anandipatsa sirinji yoyezera. Botolo la chifuwa ndi mapiritsi aja anandiuza ndisagwiritsenso ntchito. Anati ndizilemba m'kope tsiku limene zatuluka ndi zimene wadya, ndipo zikapitirira masabata 6 chiyambireni ndibwererenso.

Dzulo zinatuluka ziwiri zokha pantchafu, sanalire. Aphunzitsi akuti lero waimba nawo ndipo anakana kugona masana. Mazira ndamubwezera, wadya kawiri popanda chilichonse.

Chatsala ndi apongozi. Ndinawafotokozera koma anangoti chete, ndipo madzulo ndinapeza atachotsa usipa m'mbale ya mwana n'kuika mwa mkulu wake. Sindikufuna kukangana nawo, amamukonda mdzukulu wawo ndipo ndi amene amatsala naye ndikapita kumsika.

Agogo a ku Sadzi

Usawauze wekha kachiwiri, mwanangu, amva ngati ukuwaphunzitsa kulera. Tsiku lobwerera kuchipatala uwapemphe akuperekeze, mwanayo abereke ndi iwo, buku agwire ndi iwo, adokotala akamalankhula amve ndi makutu awo.

Amake Tiyamike

Zikomo agogo. Ndawapempha madzulo ano tikuphika, avomera, akuti nawonso akufuna akayezetse BP. Tipita limodzi Lachiwiri.