Kulira kwa khanda m'mitengo usiku, ndi chani chimenechi?

WakuNtchisi:
Abale ndithandizeni, nkhani iyi yandisowetsa tulo. Sabata yatha ndinapita kumudzi kukaona agogo, kwathu ndi kufupi ndi nkhalango ya Ntchisi, ndiye usiku wachiwiri cha m'ma 1 koloko ndinadzidzimuka nditamva ngati mwana wakhanda akulira kuseri kwa nyumba, osati pansi ayi koma m'mwamba mu mtengo wa mkuyu uli pafupi ndi khola. Amalira kenako zii, kenako ayambirenso koma uku atasuntha ali mu mtengo wina. Thupi lonse linachita tsemwe, ndinakhala tsonga pa mphasa mpaka atambala. Pakhomopo palibe khanda, ngakhale kwa aneba. M'mawa nditafunsa agogo anangoti "usamatuluke ukamva zimenezo" basi, osawonjezera kanthu. Ine ndinakulira mu tauni, sindinamvepo zotere. Alipo amene anamvapo? Ndi nyama kapena ndi zinazake?

Mlimi_wa_ku_Dedza:
Achimwene mtima pansi, ameneyo ndi changa. Ndikunena motsimikiza chifukwa kwathu kudimba amalira pafupifupi usiku uliwonse. Kanyama ka mchira wautali wa ubweya wambiri, maso akulu, makutu opyapyala, masana kamagona mu mphako kapena mu ziyangoyango ndiye n'chifukwa chake anthu ambiri sanakaonepo. Wamkulu uja amene amalira ngati khanda amangopitirira kilo imodzi pang'ono koma mawu ake mungaganize kuti ndi chinthu chachikulu. Mwanena kuti unali mkuyu, ndiye zagwirizana, amabwerera nkhuyu, amadyanso utomoni wa m'mitengo ndi tizilombo. Kulirako amakhala akuuza anzake kuti dera lino ndi langa. Ulendo wina mudzatenge tochi muunike m'mwamba, mudzaona timaso tiwiri tofiira ngati makala tikukuyang'anani, kenako kalumpha.

NachisaleZA:
Changa ndi zoona koma ine chimene chimandizizira m'nkhongono mpaka lero ndi kadzidzi. Osati uja amati huu huu ayi, uja ndimatha kumupirira. Pali wina woyera kumaso, nkhope yake ngati mtima, amakonda kukhala kudenga la tchalitchi kapena m'makalasi akale, ameneyo salira ngati mbalame, amakuwa ngati munthu akukanyangidwa pakhosi. Tili kusekondale analowa kudenga la hositelo yathu ndipo atsikana tonse tinaunjikana pakona imodzi tikupemphera, wina mpaka anakomoka. Kwathu amati kadzidzi akalira padenga ndiye kuti pakhomopo pagwa maliro, ndipo mayi anga ankatenga chikuni chamoto n'kumuponyera. Pano ndikudziwa kuti amatsata mbewa ndi makoswe, pamene pali nkhokwe ya chimanga iye sasowa, ndipo banja limodzi la akadzidzi limamaliza makoswe ambirimbiri pa chaka. Zimandiwawa ndikaona ana akuwagenda ndi malegeni. Koma kudziwako sikunachotse mantha, ndikamumva kuno ku Joni mtima umagundabe ngati ndili ku hositelo kuja.

Mlimi_wa_ku_Dedza:
Asisi mwanena zoona za makoswe. Chaka china anyamata anapha akadzidzi awiri amene ankagona mu mtengo wa mango pafupi ndi nkhokwe yanga, chimanga chaka chimenecho makoswe anachita nacho phwando.

Dalaivala_wa_Matola:
Inu simunamve nyalugwe. Sabangula ngati mkango, amamveka ngati munthu akucheka thabwa ndi sowo, kukoka ndi kukankha, kukoka ndi kukankha. Ndinamumva kamodzi ndili ku Majete nditapititsa alendo, ndinafunsa mlonda kuti kodi ndani akucheka matabwa usiku uno, iye anangondigwira mkono n'kundilowetsa mkati. Mkango nawo ukabangula usiku kuli bata umamveka mtunda wa makilomita 8, ndipo sumamva ndi makutu okha, umamva m'chifuwa.

Fisi yekha ndinamuzolowera. Anthu sadziwa kuti ngakhale mu Lilongwe momwemu afisi alimo, amayenda m'mbali mwa mitsinje ndi m'tchire lotsala lija, ukamachokera ku ntchito mochedwa umatha kumva uuuwi kuchokera kutali. Kumeneko ndi kuitanana. Kuseka kuja amaseka akamalimbirana nyama, sikuti akusangalala. Za kuti afiti amakwera afisi aliyense ali ndi chikhulupiriro chake, ine sinditsutsana ndi akuluakulu, koma fisi weniweni yemweyo ndi wokwanira kukuopsa, anthu a ku Dowa amakumbukira za chilombo chija cha mu 2003 chimene chinathawitsa anthu m'midzi.

MayiWaKuChilobwe:
Ndawerenga zonse ndipo ndimafuna ndingodutsa koma ndalephera. Ana anga, zonse mwatchulazi zili ndi pakamwa, zimalira kenako zimasiya. Ine phokoso limene sindidzaiwala ndi la phiri.

Mu Malichi 2023 nthawi ya namondwe wa Freddy mvula inagwa masiku angapo osalekeza, ife timakhala m'munsi mwa phiri la Soche. Chimene ndinamva poyamba chinali ngati bingu koma bingu limagunda n'kutha, ili silimatha, limangokulirakulira, ngati malole ambiri akutsitsa miyala nthawi imodzi, ndipo pansi pamanjenjemera mpaka mbale zimagwa pa shelefu. Mkati mwa phokosolo mumamveka mitengo ikuthyoka, thyo thyo, ndi malata akupindika. Kunabweranso fungo la dothi lofukulidwa kumene, fungo limenelo mpaka pano ndikalimva kumunda m'mimba mumanditentha. Ndinangonyamula mdzukulu wanga kumsana opanda ndi nsalu yomwe n'kuthamangira cham'mbali. Nyumba yathu inatsala, koma mizere iwiri kuchokera pathu panalibenso nyumba, panali matope ndi miyala ikuluikulu kuposa minibasi. Anthu amene tinkatunga nawo madzi pa mpope umodzi ena sanapezeke mpaka lero. Dziko lonse tinataya anthu oposa 1,000.

Makolo ankati ameneyo ndi Napolo, chinjoka chokhala pansi pa phiri chikamasamuka kupita kunyanja. Anadutsa ku Zomba mu 1946, anadutsanso ku Phalombe mu 1991 kuchokera m'phiri la Michesi. Ophunzira amati dothi likakhuta madzi pa phiri lotsetsereka limasiyana ndi thanthwe n'kutsika pamodzi ndi miyala, makamaka ngati mitengo inadulidwa, ndipo ku Soche mitengo tinaimaliza tokha, zimenezo sindingakane. Koma amene anamva phokoso lija sangaseke agogo amene anati ndi chamoyo. Limamveka ngati chinthu chimene chikubwera dala.

Pano mvula ikangogwa usiku wonse sindigona, ndimakhala pakhomo kumvetsera kuphiri. Mukadzamva kugunda kosalekeza kumtunda mvula ikugwa musadzayambe kusonkhanitsa katundu, ndipo musathawire kumunsi motsata khwawa, thawirani cham'mbali.

NachisaleZA:
Mayi pepani kwambiri. Ndawerenga misozi ili m'maso, azakhali anga anali ku Phalombe nthawi ya Freddy ndipo safuna n'komwe kuikamba. Mulungu akutonthozeni.

WakuNtchisi:
Amayi pepani, ndilibe mawu. Zikomo potiuza, sizophweka kulemba zimenezi.

Achimwene a ku Dedza, ndawaimbira agogo madzulo ano kuwafunsa ngati ndi changa. Aseka, akuti ee ndi changa amene, akhala akubwera mu mkuyumo zaka zambiri. Ndiye ndawafunsa kuti nanga bwanji munandiletsa kutuluka, akuti chifukwa cha afisi, mwezi watha anagwira mbuzi ziwiri kwa amalume. Ndipitanso pa Khirisimasi ndipo tochi ndagula kale, koma ndikaunikira pa windo.